Kuona Mzinda Waukulu Poyembekeza Sitima

Mudatsiriza maphunziro a sukulu ya kwacha. Tsopano mumatha kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Lero tiona m'mene nzeru zitatuzi zimathandizira munthu wa pa ulendo.

Kodi mudakwerapo sitima ya pamtunda? Ulendo wautali nthawi zina umalira sitima ziwiri. Munthu amatsika sitima yoyamba m'mawa, koma yachiwiri imanyamuka masana kapena madzulo. Pakati pake pamakhala maola angapo odikira. Anthu ambiri amangokhala pa benchi atakumbatira chikwama, mpaka msana kuwawa. Amaopa kusochera. Amaopa akuba. Koposa zonse amaopa kuti sitima ingawasiye. Akafika kumudzi ana amafunsa kuti, "Mwaonako chiyani ku mzinda?" Iwo amasowa choyankha, chifukwa adangoona denga la siteshoni.

Mantha amenewa si achabe ayi. Kusiyidwa ndi sitima m'dziko la eni ndi tsoka lalikulu. Koma munthu wodziwa kuwerenga angathe kutuluka, kuona mzinda, ndi kubwerera nthawi ikadalipo. Sipalira galimoto. Pamangolira miyendo, maso ndi wotchi.

ULENDO WATHU

Bambo wina wa m'kalasi lathu, msodzi wa ku Nkhotakota, ali ndi mwana amene amaphunzira za ulimi ku Morogoro, m'dziko la Tanzania. Atafuna kukamuona, adandipempha kuti ndiwaperekeze. Za ulendo wopita sindisimba lero. Ndisimba za ulendo wobwerera, chifukwa ndi umene udatipatsa maola odikira mu mzinda wa Dar es Salaam.

Kuchokera ku Morogoro tidakwera sitima yoyendera magetsi. Sitima imeneyi idayamba kunyamula anthu m'chaka cha 2024. Ndi yaliwiro ndithu. Maola awiri asanakwane tidali titafika. Siteshoni yake ili pakati penipeni pa mzinda, pafupi ndi doko.

Sitima yathu yachiwiri inali ya pa njanji ya TAZARA. Njanji imeneyi idamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975, ndi chithandizo cha dziko la China. Kutalika kwake ndi makilomita 1,860. Imachokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, m'dziko la Zambia. Munthu wobwerera ku Malawi amatsikira ku Mbeya. Kumeneko amakwera basi mpaka pa malire a Songwe, n'kulowera ku Karonga.

Apa pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira bwino. Choyamba, sitima ziwirizi sizili pa siteshoni imodzi. Siteshoni ya TAZARA ili kunja kwa pakati pa mzinda, mtunda woposa makilomita 5. Chachiwiri, sitima ya ku Mbeya sinyamuka tsiku ndi tsiku. Ikakusiyani mudzadikira masiku angapo, mukulipira malo ogona ndi chakudya. Masiku onyamuka amasinthasintha, choncho funsani ku siteshoni musanakonze ulendo.

WERENGANI TIKITI POYAMBA

Musanaganize zoona mzinda, tikiti ya sitima yachiwiri ikhale ili m'thumba. Ife tidagula yathu popita. Ngati simunagule, ntchito yanu yoyamba ndi kukagula. Zoona malo zibwere pambuyo.

Tsono werengani tikitiyo mofatsa. Onani zinthu zitatu: tsiku, nthawi, ndi dzina la siteshoni.

Pa tikiti salemba kuti "3 koloko masana". Amalemba nthawi ya maola 24. Musaope, n'kosavuta. Nambala ikaposa 12, chotsanipo 12. Yotsalayo ndi nthawi ya masana kapena usiku.

13:00 ndi 1 koloko masana.
15:30 ndi 3 koloko ndi theka masana.
20:00 ndi 8 koloko usiku.

M'phunziro lino tinena kuti tikiti yathu inali ya 15:30. Yanu idzakhala ndi nthawi yakeyake. Khulupirirani zimene zalembedwa pa yanuyo.

Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Ku Lilongwe ikamakwana 12 koloko, ku Dar es Salaam imakhala 1 koloko. Mukangowoloka Songwe, sunthani wotchi yanu. Mukaiwala, mudzafika pa siteshoni sitima itapita kale.

NTHAWI YA CHISWAHILI

Pali msampha wina umene udatsala pang'ono kutikola. Bambo aja amadziwako mawu angapo a Chiswahili, monga amachitira anthu ena a m'mbali mwa nyanja. Titangotsika, adafunsa mnyamata wina nthawi imene sitima ya ku Mbeya imanyamuka. Mnyamatayo adayankha kuti, "Saa tisa na nusu."

Bambowo adawerenga zala. Tisa ndi 9. Nusu ndi theka. Adabwera akumwetulira.

"Aphunzitsi, tili ndi tsiku lonse lathunthu! Sitima ndi 9 koloko ndi theka usiku."

"Bambo, tatulutsani tikiti muwerenge nokha," ndidatero ine.

Adaitulutsa, naloza ndi chala. "Wani, faifi, fili, ziro. Khumi ndi zisanu kuchotsa khumi ndi ziwiri, zitsala zitatu. Ha! Ndiye kuti ndi 3 koloko ndi theka masana ano? Mnyamata uja wandinamiza!"

Mnyamatayo sadaname. Anthu olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Kwa iwo 7 koloko m'mawa ndi ola loyamba la tsiku, ndipo amati saa moja. 12 koloko masana ndi ola lachisanu ndi chimodzi, saa sita. Motero 3 koloko masana ndi ola lachisanu ndi chinayi, saa tisa.

Nayi njira yosavuta. Yang'anani wotchi ya mivi. Akakuuzani nambala, onani nambala imene yapenyana nayo tsidya lina la wotchiyo. 1 wapenyana ndi 7. 6 wapenyana ndi 12. 9 wapenyana ndi 3. Mukakayikabe, perekani pepala ndi pensulo kuti akulembereni monga zimalembedwera pa tikiti.

Bambowo adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Chikhala kale ndisanalowe sukulu, bwenzi nditagona pa khonde m'dziko la eni."

WERENGERANI CHOBWERERA M'MBUYO

Tidafika nthawi ya 9:30 m'mawa. Sitima inali kunyamuka 15:30. Pakati pake pali maola 6. Kodi maola onsewa ndi oonera mzinda? Iyayi. Tengani pensulo. Yambirani pa nthawi yonyamuka, muziwerengera chobwerera m'mbuyo.

Sitima inyamuka 15:30.
Tikhale tili pa siteshoni ola limodzi ndi theka isananyamuke. Ndiye kuti 14:00.
Ulendo wochoka pakati pa mzinda kupita ku siteshoni tiupatse ola lathunthu. Ndiye kuti tinyamuke 13:00.
Kutuluka m'siteshoni yoyamba, kupita kuchimbudzi ndi kufunsa njira, theka la ola. Ndiye kuti tiyamba kuyenda 10:00.

Kuchokera 10:00 mpaka 13:00 ndi maola 3. Mwaona? Maola 6 aja asanduka 3. Amenewa ndiwo anu enieni.

Mwina mukuti, "Makilomita ochepa okhawa, ola lathunthu la chiyani?" Dar es Salaam si mzinda wamasewera. Kalembera wa 2022 adapeza anthu oposa 5 miliyoni. Kalembera wa kwathu wa 2018 adapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe mudali anthu osakwana 1 miliyoni. Anthu akachuluka chotere, magalimoto amapanga mdipiti wautali, n'kumayenda ngati nkhono.

Lembani nthawi yobwererayo pa pepala ndi zilembo zazikulu. Bambo aja adalemba 13:00 pa chikhatho chawo. Ikakwana, bwererani, ngakhale mutakhala kuti mwaona chokoma chotani.

Dziwaninso liwiro la miyendo yanu. Munthu woyenda modekha amayenda makilomita 4 pa ola. Ife tidasankha njira yozungulira, ya makilomita pafupifupi 5. Ola limodzi ndi theka linali loyenda. Ola limodzi ndi theka lotsalalo linali loima ndi kuona.

KATUNDU NDI NDALAMA

Katundu wolemera ndi mdani wa ulendo wotere. Ife tidali ndi kachikwama kamodzikamodzi kobereka. Ngati muli ndi katundu wambiri, funsani antchito ovala yunifolomu ngati pali chipinda chosungiramo katundu. Akakusungirani, landirani lisiti. Ngati palibe, ndipo muli awiri, sinthanani. Wina atsale, wina ayende. Musasiyire katundu munthu amene mwangokumana naye, ngakhale akhale wa nkhope yachifundo. Inunso musalandire katundu wa munthu wosamudziwa.

Pasipoti, tikiti ndi ndalama zazikulu zikhale m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi. M'thumba lakunja ikanimo ndalama zing'onozing'ono za basi ndi madzi. Mukatero simudzatulutsa mpukutu wonse pa gulu la anthu. Ndalama ya ku Tanzania ndi shilingi. Sinthani ku banki kapena m'nyumba zololedwa kusintha ndalama, osati pa msewu. Foni musaiyendetse m'manja m'mbali mwa msewu.

Mzindawu uli m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo kumatentha kwambiri, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Valani chipewa ndi nsapato zimene mudazizolowera. Tengani botolo la madzi. Majumbo a pulasitiki adaletsedwa ku Tanzania m'chaka cha 2019, choncho tengani thumba la nsalu.

TIYENI TIYENDE

Munthu wosafuna kusochera amasankha chinthu chachikulu chimene sichisuntha. Kumudzi mumayang'ana phiri kapena mtengo wa mlambe. Ku Dar es Salaam ife tidasankha nyanja. Tidatsata msewu wotchedwa Sokoine Drive, nyanja ili kudzanja lamanja. Pa mphambano iliyonse bambo aja ankawerenga chikwangwani, ine n'kulemba dzina la msewuwo m'kabuku. Magalimoto kumeneko amayenda kumanzere monga kwathu, koma ndi ambiri zedi. Wolokani pamodzi ndi eni mzinda.

Tisanapite patali tidaona nyumba yoyera ya makoma okhuthala ndi zitseko zosema. Amaitcha Old Boma. Ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri mu mzindawu. Idamangidwa m'zaka za m'ma 1860, m'nthawi ya Majid, mfumu ya ku Zanzibar, amene adayambitsa mzindawu. Dzina loti Dar es Salaam ndi la Chiarabu, ndipo limatanthauza malo a mtendere. Bambowo ataona mawu oti Boma adaseka. "Awa ndiye ndawadziwa popanda wondiuza."

Patsogolo pang'ono pali tchalitchi lalikulu la Akatolika la St Joseph, la nsanja yosongoka. Adalimanga ndi amishoni a ku Germany kuyambira 1897 mpaka 1902. Nthawi imeneyo dzikoli linali m'manja mwa Ajeremani, amene adasandutsa Dar es Salaam likulu lawo m'chaka cha 1891. Kutsidya kwa msewu ndi kumene anthu amakwerera sitima za pamadzi zopita ku Zanzibar. Pamenepa pamakhala anyamata ambiri oitanira. Yankhani mwaulemu kuti "Asante", muzipitirira.

Kenaka tidafika pa tchalitchi la Azania Front, la mpingo wa Lutheran. Makoma ake ndi oyera, denga lake ndi lofiira. Nalonso ndi la nthawi ya Ajeremani. Tidakhala pa mthunzi mphindi 10, tikuyang'ana sitima zikuluzikulu zikulowa pa doko. Katundu wambiri wobwera ku Malawi, monga mafuta ndi magalimoto, amatsikira pa doko limeneli. Mukaona thanki ya mafuta ikukwera ku Chiweta, mwina ulendo wake udayambira pomwepa.

Kuchoka apo tidatsata gombe mpaka ku Kivukoni, kumene kuli msika waukulu wa nsomba. Musanauone, mphuno zimayamba zakuuzani. Apa ndiye msodzi wathu adafika kwawo. Adaona nsomba zazitali ngati munthu. Adaona nkhanu zazikulu ngati mbale. Adaona chamoyo china cha miyendo isanu ndi itatu chimene amachitcha pweza. Adaona tinsomba tating'ono totchedwa dagaa, nati, "Uyu ndi mbale wake wa usipa." Adaviika chala m'madzi, nalawa, nalavula. "Mchere weniweni, aphunzitsi!" Adazizwa kumva kuti madzi a m'nyanja imeneyi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Nyanja ya kwathu siitero.

Pafupi ndi msikawu pali nyumba ya boma yotchedwa Ikulu. Musajambule nyumba imeneyi. M'dziko lililonse musajambule asilikali, apolisi ndi nyumba zolonderedwa. Ngakhale munthu wamba, yambani mwamupempha.

Bambowo adafuna kukhalitsa pa msika. Adayamba kufunsa za maukonde ndi mitengo ya nsomba. Ine ndidangowaonetsa chikhatho chawo. Nthawi inali 11:20. Akulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Tidanyamuka.

Tidasiya nyanja kumbuyo, n'kufunsa njira ya ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ili mu msewu wa Shaaban Robert, ndipo idatsegulidwa m'chaka cha 1940. Polowa amalipiritsa. M'katimo muli mbiri ya mafupa a anthu akalekale amene adafukulidwa ku Olduvai Gorge. Muli mbiri ya malonda oipa a akapolo, ndi ya ulamuliro wa Ajeremani ndi Angerezi. Mulinso za Julius Nyerere, amene adatsogolera dziko la Tanganyika polandira ufulu m'chaka cha 1961. M'chaka cha 1964 Tanganyika adaphatikizana ndi Zanzibar, n'kukhala Tanzania. Chimenechi ndi chaka chomwe Malawi adalandira ufulu. Nyumbayi munthu angathe kutheramo tsiku lonse. Ife tidaipatsa theka la ola basi.

CHIPILALA CHA MSILIKALI

Pobwerera tidatsata msewu wa Samora Avenue. Dzinali ndi la Samora Machel, pulezidenti woyamba wa Mozambique. Chipani cha FRELIMO, chimene chidamenyera ufulu wa dzikolo, chidabadwira mu mzinda womwewu m'chaka cha 1962. Mwaona kuti chikwangwani cha msewu nachonso ndi buku la mbiri?

Pakati pa mphambano ina yozungulira pali chipilala. Pamwamba pake paima msilikali wachikuda wosulidwa ndi mkuwa, mfuti yake italoza kudoko. Amachitcha Askari Monument, ndipo chidaimikidwa m'chaka cha 1927. Ndi chokumbukira asilikali a mu Africa ndi amtengatenga amene adavutika pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. M'mbali mwake adasemamo zithunzi za asilikali ndi za anthu osenza katundu.

Nkhondo imeneyo idakhudzanso dziko lathu. M'chaka cha 1914 Angerezi ndi Ajeremani adamenyana ku Karonga. Amuna ambiri a ku Nyasaland adalowa usilikali wa King's African Rifles. Ochuluka koposa adatengedwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo. Ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Chipilala cha asilikali chimene chili ku Zomba chimakumbutsa za nkhondo yomweyi.

Mawu a pa chipilalacho adalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chiswahili. Bambo aja sadathe kuwamva, koma manambala adawawerenga okha: 1914 ndi 1918. Nditawafotokozera tanthauzo lake, adavula chipewa.

"Agogo anga aamuna adatengedwa pa nkhondo imeneyi," adatero. "Adasenza katundu mpaka kuno ku Tanganyika. Adabwerako ali mafupa okhaokha. Ankatisimbira pa moto, ife n'kumaseka, kuyesa nthano. Kani zidalembedwa?"

Tidaima pamenepo mphindi zingapo osalankhula. Chipilalachi chili pa mtunda wa mphindi zosakwana 20 kuchokera pa siteshoni. Tikadakhala pa benchi paja, bwenzi bambowo atapita kwawo osachiona.

ZIMENE TIDAZISIYA

Wa pa ulendo waufupi ayenera kudziwa kusiya. Ife tidasiya zinthu ziwiri.

Pa Kivukoni pali bwato lalikulu lowolotsa anthu kupita tsidya lina, ku Kigamboni. Kuwoloka kwake ndi kwa mphindi zochepa, ndipo mtima udafuna. Koma pobwerera mukhoza kupeza mzere wautali. Mukakhala ndi sitima yoti mukwere, musaike madzi pakati pa inu ndi siteshoni.

Tidasiyanso Kariakoo, dera la malonda kumene amalonda ambiri a ku Malawi amakapikula katundu. Dzina limeneli lidachokera ku mawu a Chingerezi oti Carrier Corps, dzina la gulu la amtengatenga aja, chifukwa msasa wawo udali pamenepo. Ku Kariakoo anthu amadzaza ngati nyerere. Munthu akayamba kunenerera mitengo amaiwala wotchi. Kumeneko kumafuna tsiku lakelake.

Malo atatu kapena anayi oonedwa bwino aposa malo khumi oonedwa mothamanga.

KUPITA KU SITESHONI YACHIWIRI

Msewu wa Samora udatifikitsa pa nsanja ya wotchi, pafupi ndi siteshoni imene tidatsikira m'mawa. Tidali titazungulira n'kubwerera pomwe tidayambira. Nthawi inali 12:50.

Mu mzindawu muli zokwera za mitundumitundu. Daladala ndi minibasi, ndipo kumene ikupita kumalembedwa kutsogolo kwake. Bajaji ndi kagalimoto ka mawilo atatu. Bodaboda ndi kabaza wa njinga yamoto. Mwendokasi ndi mabasi aatali amene ali ndi msewu wawowawo, ndipo adayamba kuyenda m'chaka cha 2016. Palinso matakisi. Mukafuna takisi kapena bajaji, gwirizanani mtengo musanakwere.

Ife tidafunsa mayi wina wogulitsa m'sitolo kumene tingakwerere daladala. Pofunsa njira, funsani munthu amene ali pa ntchito yake, monga wa m'sitolo, mlonda kapena wapolisi. Funsani anthu awiri. Akanena zofanana, pitani. Safunsa adadya phula. Tisanakwere tidafunsanso kondakitala kuti, "TAZARA?" Iye adagwedeza mutu kuvomera.

Mu msewu wa Nyerere tidapeza mdipiti uja. Daladala inkayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima. Thukuta lidatsika. Bambowo ankangoyang'ana wotchi. Koma mtima wanga udali m'malo, chifukwa ola limeneli tidaliwerengera kale. Titaona msewu wodutsa pamwamba pa unzake, umene udatsegulidwa m'chaka cha 2018, tidadziwa kuti tafika. Siteshoni ili pomwepo. Tidalowa nthawi ya 13:50.

Apo m'pamene tidafuna chakudya. Tidadya wali, ndiye kuti mpunga, ndi nyemba. Nsima kumeneko amaitcha ugali. Idyani mutafika pafupi ndi sitima yanu. Chakudya chikachedwa kupsa, mtima sudzakhala m'mwamba.

MAWU OTHANDIZA

Chiswahili ndi Chichewa ndi zinenero zapachibale. Nyumba, nyama, moto ndi mbuzi ndi chimodzimodzi. Madzi amati maji. Njira amati njia. Koperani mawu awa m'kabuku kanu:

Kuingia: polowera
Kutoka: potulukira
Choo: chimbudzi
Wanaume: amuna
Wanawake: akazi
Hatari: ngozi
Samahani: pepani
Asante: zikomo
Shilingi ngapi?: ndalama zingati?
Stesheni iko wapi?: siteshoni ili kuti?

Munthu wamkulu amapatsidwa moni woti "Shikamoo", ndipo iye amayankha kuti "Marahaba". Yambani ndi moni musanafunse kanthu, monga timachitira kwathu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza.

KUMBUKIRANI IZI

Malangizo awa ndi a mzinda waukulu uliwonse, osati Dar es Salaam yekha.

1. Tikiti ya sitima yachiwiri ikhale m'thumba musanatuluke.
2. Werengani tsiku, nthawi ndi dzina la siteshoni.
3. Wotchi yanu igwirizane ndi nthawi ya dzikolo.
4. Werengerani chobwerera m'mbuyo, ndipo lembani nthawi yobwerera.
5. Maola anu enieni akachepera awiri, musapite patali.
6. Sankhani malo ochepa, oyandikana, ofikika pa miyendo.
7. Lembani maina a misewu imene mwadutsa.
8. Yendani masana okha. Kukada khalani pa siteshoni.

Sitima itanyamuka, bambo aja adandibwereka pensulo. Adayamba kulemba kuseri kwa envulopu zonse zimene adaona, kuti akawerengere adzukulu awo. Mawu oyamba anali akuti, "Ndaona chipilala cha agogo."

MAFUNSO

1. Kodi njanji ya TAZARA imachokera kuti, ndipo imathera kuti?
2. Pa tikiti palembedwa 17:00. Kodi imeneyi ndi nthawi yanji?
3. Ku Malawi ndi 8 koloko m'mawa. Nanga ku Tanzania ndi nthawi yanji?
4. Munthu wakuuzani kuti basi inyamuka "saa mbili" m'mawa. Mbili ndi 2. Kodi pa wotchi yanu idzakhala nthawi yanji?
5. N'chifukwa chiyani sitidakwere bwato la ku Kigamboni?
6. Kodi chipilala cha Askari chimakumbutsa za yani?

ZOCHITA

1. Sitima yanu yafika 8:00 m'mawa. Yachiwiri inyamuka 16:00 pa siteshoni ina. Chotsani theka la ola lotulukira, ola limodzi la pa msewu, ndi ola limodzi ndi theka lodikira pa siteshoni. Kodi mwatsala ndi maola angati? Kodi mudzayamba kubwerera nthawi yanji?
2. Jambulani wotchi m'kope lanu. Lumikizani ndi mzere manambala amene apenyana.
3. Mlendo watsika basi pa boma lanu, ndipo ali ndi maola awiri okha. Mlembereni malo atatu amene angaone pa miyendo, ndi njira yake.
4. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu ngati alipo amene makolo awo adapita ku mtengatenga. Lembani zimene akuuzeni, mudzawerengere anzanu m'kalasi.